Bra Yothina Si Ya Mai Woyamwitsa

M'makomboni a Mandevu, Chaisa ndi Marapodi, mai wapakati amakonzekela zambili asanapite kukacila: beseni, matewela, tumalaya twa mwana ndi citenge catsopano. Cimene cimaiwalika kawilikawili ndi bra, imene acikulile amati kamisolo. Mai amabwelela kunyumba ndi khanda, n'kuvalanso bra yomwe ija anali kuvala asanaime, ngakhale kuti mabele ake asintha.

Mabele amayamba kukula mimba ikali yaing'ono. Pa tsiku lacitatu kapena lacinai mwana atabadwa, mkaka umabwela wambili ndipo mabele amadzala ndi kulemela. M'kati mwa bele muli tinjila tofewa m'mene mkaka umapita kukafika ku nsonga. Cinthu cikafinya malo amodzi kwa maola ambili, malowo amatupa ndipo mkaka suyenda bwino. Poyamba mai amamva kanthu kolimba kowawa. Pambuyo pake bele limatentha, khungu limafiila kapena kuda, mai amamva mphepo ndi kuphwanya m'thupi, cakuti ambili amayesa malungo. Acipatala amati mastitis. Akacedwa, mafinya amasonkhana mpaka acite kucotsedwa ku cipatala. N'zoona kuti vutoli limabwelanso ngati mwana sagwila bwino bele, kapena ngati mai atenga nthawi yaitali osayamwitsa. Koma pa zonsezi, bra ndiyo yosavuta kukonza.

Bra yoyenela ndi ya nsalu ya thonje, yopanda waya, ya zingwe zazikulu zosadula mapewa. Bele lonse lizilowa, osasefukila pamwamba kapena ca kukhwapa. Zala ziwili zizilowa mosavuta pansi pa lamba wake. Ngati povula isiya mizele pakhungu, ndiye kuti yacepa, ngakhale ikhale yodula bwanji. Wogula mimba ili ndi miyezi 8 asankhe yotsala malo pang'ono, pakuti mkaka ukali kubwela.

Bra yotsegula kutsogolo, yosokedwela azimai oyamwitsa, ndi yabwino cifukwa imamasuka ndi dzanja limodzi pamene lina lanyamula mwana. Komabe mai wosakwanitsa mtengo wake asadandaule. Bra wamba yokulilapo imagwila nchito yomweyo, malinga aziimasula poyamwitsa m'malo moikwezela pamwamba pa bele, pamene imakhala ngati cingwe comanga mtolo wa nkhuni. Ndipo kusavala bra n'komwe kuposa kuvala yothina, makamaka pogona usiku.

Azimai ena amathinitsa dala poopa kuti mabele adzagwa. Maganizo amenewa ndi olakwika. Mabele amasintha cifukwa ca mimba ndi msinkhu, ndipo palibe nsalu imene ingaletse zimenezo. Azibambo amene amaseka akazi ao pa nkhani imeneyi aleke. Ndalama ya mabotolo ocepa a mowa ikhoza kugula mabra awili, kuti ina ikhale pathupi ina ili pa cingwe. Bra yonyowa ndi mkaka imafewetsa nsonga za mabele ndi kukulitsa zilonda, conco iyenela kucapidwa ndi sopo ndi kuyanikidwa padzuwa.

Nanga za salaula? Bungwe la boma la Zambia Compulsory Standards Agency limaletsa kulowetsa m'dziko ndi kugulitsa zovala zam'kati zovalidwa kale, kuphatikizapo mabra. Ambili amagulabe cifukwa ca kuchipa, koma pa mulu wa salaula palibe poyesela, ndipo yambili ndi ya waya.

Palinso cizolowezi ca azimai ogulitsa pamsika cosunga ndalama ndi foni mu bra. Foni imafinya malo amodzi tsiku lonse, ndipo ndalama zapita m'manja mwa anthu ambili, pamene bele lomwelo lidzalowa m'kamwa mwa khanda. Kathumba ka m'ciuno kangathandize. Mfundo ya citenge cobelekela mwana nayonso isakhale pa bele.

Mai akamva kutupa, asaleke kuyamwitsa. Amasule bra, aike kansalu konyowa ndi madzi ozizila, ndipo asafinye bele mwamphamvu pakuti kutelo kumaonjezela kutupa. Ngati tsiku limodzi latha osapeza bwino, kapena thupi latentha, apite ku kiliniki ya Mandevu kapena ku cipatala ca m'komboni ya Chipata. A Unduna wa Zaumoyo amalangiza kuti mwana aziyamwa bele lokha kwa miyezi 6, ndipo bele lopweteka n'cimodzi mwa zinthu zimene zimacititsa mai kuyamba msanga mkaka wa m'citini ndi phala.

Mai amene ali ndi kacilombo ka HIV ndipo akumwa ma ARV asayembekezele n'komwe. Bele lotupa kapena nsonga ya zilonda imakulitsa mpata wakuti kacilombo kapite kwa mwana, motelo aonane ndi anamwino tsiku lomwelo kuti amuuze zocita ndi bele lodwalalo.