Cigayo cili bwino, zitsulo zasowa

Alimi anzathu, tonse tidziwa kuwawa kwa cigayo cimene cikali camphamvu koma zitsulo zake zaleka kupezeka m'sitolo. Zoterezi zinagweranso anthu olemba mapulogalamu a kompyuta.

Pulogalamu iliyonse imalembedwa m'cinenero cake. Cimodzi cinali Visual Basic 6, cimene kampani ya Microsoft inatulutsa mu 1998. Ambiri analemba naco mapulogalamu owerengera katundu ndi malipiro m'masitolo ndi m'maofesi. Mu 2002 kampaniyo inabweretsa Visual Basic .NET, cosiyana kwambiri, kotero kuti nchito zambiri zakale zinafunika kulembedwanso. Mu 2005 akatswiri oposa 100, amene Microsoft yomweyo inawapatsa ulemu, anasaina kalata yopempha kuti cakaleco cisatayidwe. Sanamveredwe. Mu Epulo 2008 thandizo pa cipangizo colembera linatha.

Ife tikuti anthuwa sanalakwe kudandaula. Catsopano cingakhale cabwino, inde, koma ndani analipira miyezi yolembanso? Si Microsoft iai. Ndi mwini kasitolo amene pulogalamu yake inali kugwira bwino nchito. Ndipo taonani, mapulogalamu akalewo ambiri akali kuyenda pa Windows 11, pakuti kampaniyo ikali kusunga mbali imene imawayendetsa.