Maina akacepa pa mndandanda, anthu aja apita kuti?

Nduna ikaimilila kukamba za pulogilamu yothandiza osauka, coyamba kutuluka pakamwa ni nambala. Kuno kwathu nambala yokondweletsa boma ni yokwela: mabanja opitilila 1 miliyoni ali pa Social Cash Transfer, ndipo anthu ambilimbili analowa mu Cash for Work cilala ca 2024 citaumitsa cimanga m'minda. Ku America kuli madela amene amanyadila nambala yotsika. Kumeneko bwanamkubwa amaombeledwa m'manja maina akamacepa pa mndandanda wa olandila thandizo, ati anthu apeza nchito, aleka kudalila boma. Lelo ndifuna tiyang'ane dela limodzi la kumeneko, Wisconsin. Linapita patali kwambili ndi mfundo yakuti wofuna ndalama ya boma ayambe wagwila nchito, ndipo papita zaka zoposa 25, conco zotulukapo zake zili poyela.

Kuyambila mu 1935, America inali ndi pulogilamu yopatsa ndalama mabanja osauka okhala ndi ana, makamaka amayi olela okha ana. Pambuyo pake inadziwika ndi dzina lakuti AFDC. Aliyense wokwanilitsa zofunika anali ndi ufulu wolandila, boma silikanamuuza kuti thumba lauma. Pofika mu 1994 mabanja olandila anali pafupifupi 5 miliyoni, ndipo dandaulo la andale linali lija timamva mu minibasi ya ku Matero: "Mukabapasa ndalama za mahala, bazaleka kusebenza." Mu August 1996 Pulezidenti Bill Clinton anasaina lamulo lothetsa AFDC ndi kubweletsa TANF. Ufulu uja unatha. Munthu anapatsidwa malile a zaka zisanu pa moyo wake wonse, ndipo dela lililonse linayamba kulandila thumba la ndalama losasintha caka ndi caka, n'kumadzipangila lokha malamulo.

Wisconsin inali itayamba kale. Tommy Thompson atakhala bwanamkubwa mu 1987 anapeza mabanja pafupifupi 98,000 pa mndandanda. Anayamba ndi zoyesayesa, monga kudula ndalama ya banja ngati mwana wacinyamata alova kusukulu. Mu September 1997 anakhazikitsa Wisconsin Works, imene anthu amangoti W-2. Inamangidwa ngati makwelelo. Pamwamba pali munthu wopeza nchito wamba, amene salandila ndalama ya boma. Pansi pake pali nchito yoyesela, pamene boma lithandiza bwana kulipila wanchito watsopano. Kenako nchito zothandiza anthu m'dela, zimene malipilo ake anali madola 673 pamwezi. Pansi penipeni pali odwala ndi ena amene sangakwanitse nchito ya tsiku lonse, madola 628, koma nawonso amapatsidwa zocita zowelengedwa maola. Ukaphonya ola limodzi popanda cifukwa comveka, anali kukudula madola 5.15. Ndalamayo inali imodzimodzi kaya uli ndi mwana mmodzi kapena asanu, cifukwa ati bwana pa kampani safunsa kuti uli ndi ana angati. Mayi wobeleka kumene anali kupatsidwa milungu 12, basi abwelele pa mzele.

Tisawanamizile, sanangodula cabe. Anaika ndalama zambili polipilila malo osungilako ana mayi akapita kunchito, ndipo mu 1999 anayambitsa inshuwalansi ya zaumoyo ya mabanja opeza zocepa, BadgerCare. Amene anakonza W-2 anali kudziwa kuti mayi sangapite kunchito mwana atam'tsekela yekha m'nyumba.

Nambala inagwa ngati mango a mu December. Pofika mu 2000 mabanja olandila ndalama sanali kukwana 10,000. Pa mabanja khumi alionse a mu 1987, asanu ndi anayi anali atacoka. Thompson anachuka, ndipo mu 2001 George W. Bush anamusankha kukhala nduna ya zaumoyo ndi cisamalilo ca anthu. Mzinda wa New York unatenga mmodzi wa akatswili amene anakonza W-2, Jason Turner, kuti akatsogolele ofesi yake ya thandizo. Dziko la Israel linatengela njilayi mu 2005, anthu kumeneko n'kumaichula ndi dzina la Wisconsin lomwelo, koma mu 2010 linaisiya.

Manje funso langa monga mtolankhani ni ili: dzina likacoka pa mndandanda, munthu wake wapita kuti?

Ena anapitadi kunchito, ndipo si ocepa. Koma tione nyengo yake. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 cuma ca America cinali kuthamanga, ulova unatsika mpaka 4 pelesenti mu 2000, makampani anali kusakasaka anchito. Boma lalikulu linali litakwezanso, mu 1993, ndalama imene limabwezela anchito olandila zocepa kudzela m'misonkho, motelo nchito ya malipilo otsika inayamba kukhala ndi phindu. Ndiponso mndandanda wa Wisconsin unali utatsika kale kupitilila theka W-2 isanayambe n'komwe. Pulogilamu inatenga ulemu wonse, pamene mbali ina ya nchitoyo inagwilidwa ndi cuma ca dziko.

Cimene ine cimandigwila mtima kwambili ni nkhani ya pakhomo. Mndandanda umacepa anthu akamatuluka, koma umacepanso mwamsanga ngati atsopano salowa. Mu W-2 munali gulu la anthu amene ofesi inali kuwaona kuti ni okonzeka kugwila nchito. Mayi wotelo, ngakhale alibe nchito ndipo m'nyumba mulibe cakudya, anali kuthandizidwa kusaka nchito cabe, ndalama ayi. Pa pepala iye si wolandila thandizo. Sanakanidwe, sanadulidwe, nambala yacepa ndi mmodzi. Mu mzinda wa Milwaukee, kumene kunali olandila ambili a dela lonselo, boma linapeleka nchito yoyendetsa W-2 kwa makampani ndi mabungwe oima paokha, ndipo makontilakiti oyamba anali kuwalola kusunga gawo la ndalama zotsala monga phindu lawo. Ganizilani bwino pamenepo. Wokhala pa desiki amene aweluze ngati uyenela kulandila ni wa kampani imene ipindula ukabwelela cimanjamanja. Sindikunena kuti kalaliki aliyense anali woipa mtima. Ndikunena kuti sikelo inali yopendekeka kucokela kumene inapangidwa.

Nanga amene anatuluka? Ofesi ya maodita a nyumba ya malamulo ya Wisconsin inawatsatila kudzela m'mapepala a malipilo ndi misonkho, ndipo malipoti ake a mu 2001 ndi 2005 anaonetsa kuti ambili mwa iwo anali kupeza ndalama zosafika pa mlingo umene boma lawo limati munthu wacoka mu umphawi. Anacoka pa mndandanda, umphawi anapita nawo.

Kwa ife okhala m'nyumba za lendi, citsanzo comveka cili m'buku la Matthew Desmond lochedwa Evicted, la mu 2016, limene analemba atakhala pakati pa anthu osauka a ku Milwaukee mu 2008 ndi 2009. Mayi wina wa m'bukulo anali kulandila madola 628 a W-2, lendi yake inali madola 550. Otsala ni 78, a sopo, zovala za ana, basi ndi zina zonse za mwezi wathunthu. Wa ku Kanyama kapena ku Chawama safunika kumasulilidwa masamu amenewo. Maliro amodzi, mwana kudwala kamodzi, walephela lendi, katundu ali panja. Ndipo katundu akakhala panja, kalata ya ofesi yokuitana ku msonkhano imapita ku nyumba yakale, iwe osaiona, n'kudulidwa ndalama cifukwa colova. Mu 2011 ndalama zija anazicepetsanso ndi madola 20, kukhala 653 ndi 608, pamene mitengo ya zinthu ku America yakwela pafupifupi kawili kucokela mu 1997. Milungu ya mayi wobeleka kumene inatsitsidwa kufika pa isanu ndi itatu, ndipo malile a moyo wonse tsopano ni miyezi 48.

Lamulo la dziko lonse nalonso lili ndi kakhomo kakumbuyo. Limafuna kuti theka la mabanja olandila likhale pa nchito kapena pa zocita zovomelezeka, apo ayi dela lilipila cilango. Koma dela likacepetsa mndandanda wake, mlingo umenewo nawo umatsitsidwa. Ndiye bwanamkubwa ali ndi njila ziwili zokhozela mayeso. Yodula ni kuphunzitsa mayi wopanda satifiketi mpaka apeze nchito yokhalitsa. Yochipa ni kuonetsetsa kuti dzina lake lisakhalepo. Thumba lija la madola 16.5 biliyoni pacaka silinakwezedwe kucokela mu 1996, ndipo ndalama zimene dela silinapeleke m'manja mwa mabanja lingazigwilitse nchito pa zinthu zina zambili. Bungwe lofufuza la Center on Budget and Policy Priorities linawelengela kuti mu 1996, pa mabanja osauka 100 alionse okhala ndi ana, 68 anali kulandila ndalama. Mu 2020 anali 21.

Mayeso enieni anabwela ndi kugwa kwa cuma kwa mu 2008, pamene anthu mamiliyoni anataya nchito. Pulogilamu ya cakudya, imene imatsegukila aliyense wosauka wokwanilitsa zofunika, inakula kucoka pa anthu 26 miliyoni mu 2007 kufika pa 47 miliyoni mu 2013. TANF inangosuntha pang'ono. Ku Wisconsin nambala ya W-2 inakwelako m'zaka zimenezo, koma siinayandikile n'komwe pamene inali kale, ndipo pambuyo pake inatsikanso. Thandizo lomangilidwa pa nchito limavutika panthawi yomweyo imene nchito zasowa, ndiye panthawi imene lifunika kwambili.

Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe, koma tisafananize zinthu mopitilila. Cash for Work yathu si W-2. Inabwela monga yankho la mwadzidzidzi Pulezidenti Hakainde Hichilema atalengeza pa 29 February 2024 kuti cilala ni tsoka la dziko. Mu 2024 inali kuyendetsedwa kudzela m'makhonsolo, K600 pa masiku khumi a nchito monga kukumba ngalande, kukonza misewu ndi kucotsa zinyalala. M'caka cimene thumba la 25kg la unga wa bulekifasi linapitilila K300, ndalama imeneyo inali nsima pa mbale m'nyumba zambili, ndipo ngalande yoyela mu komboni imene inaona kolela ni cinthu ca phindu pacokha. Cabwino cina n'cakuti ife tinasunga makomo awili. Social Cash Transfer, imene inayamba monga kuyesela ku Kalomo mu 2003, ni ya okalamba, olemala, odwala matenda okhalitsa ndi mabanja ena amene alibe mphamvu zogwilila nchito, ndipo siifunsa fosholo. Wisconsin inatseka khomo limodzi n'kuuza ambili kuti adzele pa lina. Tsiku limene wandale wina adzaimilila n'kunena kuti onse olandila azisebenza, ine ndidzam'funsa za ambuya amene alela adzukulu anayi ku Misisi.

Ngakhale pa khomo la nchito pali amene amatsala osawelengedwa. Mayi wa kamwana ka miyezi itatu adzakasiya ndi ndani? Wogulitsa tomato pa Soweto akacoka pa malo ake masiku khumi, adzawapeza alipo? Anthu otele salembedwa kuti akanidwa. Sabwela cabe, ndipo lipoti limatuluka loyela.

Vuto lathu lina ni lakuti maodita a ku Wisconsin anali ndi mapepala a misonkho owatsatila nawo anthu. Kuno ambili a ife timadya za maganyu, za pa kantemba, za salaula, zopanda pepala lililonse la malipilo. Ndalama za cilala zikatha ndipo nambala ikayamba kutsika, palibe kompyuta imene idzatiuza yokha ngati munthu uja anatsegula kabizinesi kapena anabwelela kwa wa kaloba. Pafunika munthu wopita ndi miyendo kukagogoda pakhomo pake patapita miyezi isanu ndi umodzi. Ni nchito ya unduna ndi makhonsolo, komanso ni yathu atolankhani, amene timakonda kulemba nambala ya nduna m'mutu wa nkhani n'kupita kunyumba.

Cina cofunika kuciyang'anitsitsa ni kumene ndalama zimapita mndandanda ukacepa. Dela la Mississippi, limodzi mwa osaukitsitsa ku America, ndilo linaonetsa poipila. Odita wa delalo anapeza kuti madola pafupifupi 77 miliyoni a thandizo la osauka anagwilitsidwa nchito molakwika, ena mpaka anamangila bwalo la volleyball pa yunivesite. Ife sitingaseke kwambili, cifukwa mu 2018 Britain, Sweden, Finland ndi Ireland anaimitsa thandizo lawo kuno pa nkhani ya ndalama za Social Cash Transfer, ndipo nduna inacotsedwa pa mpando. Koma ku Mississippi cizindikilo cinali poyela zaka zingapo odita asanalankhule, m'nambala imene nduna sizikonda kuichula, ya opempha ndi ovomelezedwa. Mu 2016 mabanja opitilila 11,000 anapempha thandizo la TANF kumeneko. Ovomelezedwa sanakwane 200.