NDALAMA ZITSATE MWANA, OSATI BEDI

Anzanga acinyamata, pa Krisimasi yapitayi gulu lathu linakaceza ku nyumba ina yosungira ana amasiye. Tinanyamula sopo, shuga ndi zovala, tinaimba, tinajambulitsa zithunzi. Pamene tinali kutsazika, kamnyamata kena kanandigwira dzanja ndi kunena, "Ankolo, mukapita kukomboni mukawapatse moni ambuya anga." Nditafunsa, ndinamva kuti ambuyawo ali moyo ndipo amamkonda mdzukulu wao. Anampereka cifukwa denga la nyumba linagwa ndi mvula, unga nawonso unatha.

Tsono ndikufunseni: kodi mwanayu anasowa banja, kapena anasowa malata ndi thumba la unga?

Ici ndico cimandipweteka. Mwana akalowa m'nyumba ya ana amasiye, thandizo limapezeka: bedi, cakudya, yunifomu, ngakhale alendo onga ife. Koma pamene anali m'manja mwa ambuya ace, palibe anagogoda pakhomo. Tiri kulipirira kulekanitsa mabanja, koma kuwasunga pamodzi tiri kuumira!

Vutoli si lathu lokha. Ku America, kuyambira 1980, thumba lalikulu la boma lochedwa Title IV-E linali kulipirira mwana atacotsedwa kale kwa makolo ace. Panapita zaka 38 kuti akonze. Mu 2018 anakhazikitsa lamulo la Family First Prevention Services Act, lolola ndalama zomwezo kuthandiza banja mwana asanacotsedwe: kuciza makolo ogwidwa ndi mowa kapena mankhwala osokoneza bongo, kuthandiza odwala maganizo, ndi kuphunzitsa kaleredwe ka ana, kwa miyezi 12. Kodi ifenso tidikire zaka 38?

Mau abwino tiri nawo kale. Mu 2009 bungwe la United Nations linagwirizana kuti umphawi paokha usakhale cifukwa cocotsera mwana kwa makolo ace. Mu 2022 dziko lathu linakhazikitsa Children's Code Act, lamulo limene limakambanso za kulera mwana m'banja lina. Thandizo la Social Cash Transfer, limene linayamba ku Kalomo mu 2003, linaonetsa kuti banja losauka likalandira kandalama m'manja limadziwa lokha cimene cikusowa. Koma lamulo silikhoma denga.

Ndalama za boma zimabwera m'matumba omangidwa: ili la sukulu, ili la cakudya, ili la okalamba. Koma mavuto a banja sabwera m'matumba. Banja lina lifuna malata, lina mbeu ndi feteleza, lina ndalama ya basi yopita kucipatala, lina lendi ya miyezi iwiri cabe. Cifukwa cace ndikuti: boma liike ndalama zokwanira m'manja mwa maofesala a Social Welfare m'maboma onse, ndipo liwamasule kuti azithandiza banja monga mwa vuto lace. Azakhali amene atenga ana atatu a mlongo wao womwalira athandizidwe. Banja lacilendo limene lavomera kulera mwana wopanda m'bale liphunzitsidwe, lithandizidwe, liziyenderedwa. Ngati mu 2022 boma linakweza CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwensi iriyonse, pokhulupirira kuti anthu a kumaloko adziwa zosowa zao, lilekeranji kukhulupirira comweco pa nkhani ya ana?

Ena adzati, "Mukamasula ndalama, zidzabedwa." Nkhawa iyi ndi yoona. Koma mankhwala a kuba ndiwo malisiti, kuwerengera poyera, ndi makomiti a m'midzi ndi m'makomboni amene ali maso. Kumasula thumba si kutaya buku la kaundula.

Enanso adzati, "Nanga abale ankhanza, olanda katundu wa amasiye ndi kusandutsa mwana wanchito?" Alipodi, tiwadziwa. Mwana amene ali pangozi acotsedwe msanga, ndipo nyumba zosungira ana zikhalepo monga pothawira pa kanthawi. Koma ofesala wopanda mafuta a njinga yamoto adzaidziwa bwanji nkhanzayo? Kuyendera mwana nakonso kumafuna ndalama.

Ife a mumpingo tisaloze cala boma lokha. Timakonda cifundo cojambulika. Kodi gulu lanu liwadziwa maina ambuya angati a m'dera lanu amene akulera adzukulu okhaokha? Estere wa m'Baibulo anali wamasiye, ndipo analeredwa ndi m'bale wace Moredekai, pakhomo.

Mwezi uno citani zinthu ziwiri. Pezani banja limodzi limene latsala pang'ono kupereka mwana, mulithandize pa cimene likusowa, mulifikitsenso ku ofesi ya Social Welfare. Kenaka lemberani khansala ndi phungu wanu, muwafunse kuti ndi ndalama zingati zimene zapita posunga ana m'mabanja ao.

Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kamnyamata kaja sikanatipemphe sopo wina. Kanatituma moni kwa ambuya ace.