Mbewu yabwino isamathere kumalo ofufuzira

Dziko la Nigeria ndilo limalima chilazi chochuluka kuposa lina lililonse, ndipo choposa theka cha chilazi chonse cha dziko lapansi chimachokera kumeneko. Komabe mlimi wa kumeneko wakhala akulira ndi vuto la mbewu chaka ndi chaka. Chilazi sabzala njere ayi, amabzala chomwecho chimene banja likadadya kapena kugulitsa, kotero pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a zokolola limabwerera m'nthaka. Popeza chachikulu ndi chokongola chimapita kumsika, chotsalira mbewu kawirikawiri chimakhala chonyozeka, chogwidwa ndi tinyongolotsi ta m'nthaka kapena matenda, ndipo matendawo amabwerera nacho m'munda.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, akatswiri a zofufuza za mbewu za mizu ku Umudike, mogwirizana ndi bungwe la IITA la ku Ibadan, anabweretsa njira yotchedwa minisett. Chilazi chathanzi amachidula tizidutswa ta magalamu 25, kalikonse kokhala ndi khungu lake, nkutithira mankhwala, kutimeretsa panazale, kenaka kuokera kumunda. Pakutha pa nyengo kachidutswa kaja kamabereka chilazi chaching'ono chathunthu choyenera mbewu. Chilazi cha kilogalamu imodzi chingatuluke tizidutswa 40, pomwe kadulidwe ka makolo kamapereka zidutswa zowerengeka chabe.

Chodabwitsa nchakuti panapita zaka zambiri alimi ochuluka asanailandire njirayi. Tizidutswa tating'ono chotere tinkaola msanga kapena kumera mosiyanasiyana, nazale inkafuna ntchito pa nthawi imene manja ali otanganidwa kale, ndipo mankhwala sankapezeka kumidzi. Mlimi wokana sikuti anali wamakani. Anali kuteteza chakudya cha ana ake, pakuti wotaya mbewu ya chilazi wataya chaka chathunthu.

Zinthu zinayamba kusintha pamene akatswiri anamvera madandaulo amenewa. Anakulitsa tizidutswa tija, nkumativiika m'mankhwala ophera tizilombo ndi chuku, ndipo anayamba kutibzala mwachindunji m'munda popanda nazale. Ntchito ya YIIFSWA, yomwe inayamba mu 2011 ku Nigeria ndi ku Ghana ndi thandizo la bungwe la Bill & Melinda Gates Foundation, inafalitsa njira yokonzedwayi kudzera m'minda yachitsanzo, ndiponso inalimbikitsa alimi ena kuti azilima mbewu yeniyeniyo ngati malonda.

Phunziro limeneli likukhudzanso chigawo chino. Mlimi wa mbatatesi ku Angónia ndi ku Tsangano, ngakhalenso wa chinangwa ndi mbatata m'madera ena a Tete, nayenso amabzala chidutswa cha chomera chakale, ndipo matenda amayenda ndi mbewu yotere chimodzimodzi.

Nchifukwa chake alangizi a zaulimi ayenera kuyesa njira iliyonse yatsopano m'munda wa mlimi, pa nthaka yake ndi mvula yake, asanamudzudzule kuti ndi wosamva. Boma ndi mabungwe aonetsetse kuti mankhwala ndi mbewu yathanzi zikupezeka pafupi, pa mtengo woti munthu wa kumudzi angaukwanitse. Alimi nawonso aphunzire kusankha mbewu chomera chikadali m'munda, osati kutola zotsalira za kumsika. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mbewu yabwino phindu lake limaoneka ikafika pamzere wa mlimi.