Mwana wophethiraphethira: botolo la mavitamini lingathandize?

Pali ana ena amene amaphethira pafupipafupi ngati m'maso mwalowa mchenga. Ena amagwedeza mutu kapena kukweza phewa limodzi, ena amangokhalira kukonza kukhosi ngati atsamwidwa ndi munga wa utaka. Ku Sanga ndi m'midzi ina ya m'mbali mwa nyanja, makolo ambiri amayamba ndi kukalipa: "Tasiya mwano umenewo!" Zikakanika, achibale amayamba kunong'ona za ufiti. Masiku ano kwabweranso ogulitsa mabotolo a mavitamini pa WhatsApp, olonjeza kuti pakangotha mwezi umodzi mwana asiyiratu.

Madokotala amazitcha ma tics, ndipo gwero lake ndi mmene ubongo ukugwirira ntchito. Kawirikawiri zimayamba mwana ali ndi zaka pakati pa 5 ndi 7, zimakula akamafika zaka 10 mpaka 12, ndipo mwa ana ambiri zimachepa kapena kutheratu akamasinkhuka. Zimagwira anyamata kwambiri kuposa atsikana. Mwanayo amamva kenakake kakumukakamiza, monga mmene timamvera tikafuna kuyetsemula. Angathe kudzigwira m'kalasi kapena nthawi ya ulaliki pa Sabata, koma akafika kunyumba zonse zimatulukira pamodzi, n'chifukwa chake makolo amaganiza kuti akuchitira dala. Zikapitirira chaka, mwana akugwedeza thupi komanso kutulutsa mawu, amati ndi Tourette, dzina la dokotala wa ku France, Georges Gilles de la Tourette, amene analemba za vutoli mu 1885.

Mabotolo amene amatchulidwa kwambiri ndi a magnesium ndi vitamini B6. Kafukufuku amene anachitika pa zimenezi anali wa ana ochepa, ndipo palibe umboni wokwanira woti amathetsa vutoli. Chosokoneza n'chakuti ma tics amakhala ngati mafunde a mwera: amakwera milungu ingapo, n'kutsika okha. Kholo limagula botolo pamene zafika poipa, zikatsika limathokoza botolo, wogulitsa n'kupeza umboni wokopera ena. Ndipo mankhwalawa si kuti alibe vuto. Magnesium wochuluka amatsegula m'mimba, B6 wochuluka akamwedwa nthawi yaitali amawononga minyewa mpaka mapazi kuchita dzanzi, ndipo mapiritsi owonjezera magazi angathe kupha mwana wamng'ono akawameza ambiri. Musamwetse mwana chilichonse chotere popanda wachipatala kumuyeza.

Chakudya ndiye chili ndi malo ake, ngakhale kuti nacho si mankhwala a ma tics. Kondowole amakhutitsa ndithu, koma chinangwa chili ndi zomanga thupi zochepa kwambiri, choncho mphamvu ya mbale ya kunyanja kuno ili m'ndiwo. Magnesium amene akugulitsidwa m'botolo uja ali mu mtedza, nyemba, nthanga za maungu ndi masamba obiriwira monga bonongwe ndi chigwada chosinja bwino n'kuphika mpaka chipse. B6 ali mu nthochi, nyemba ndi nsomba. Mabanja amene amadya nsomba za mamba, monga mwa Levitiko 11, ali ndi usipa pakhomo pomwepo, ndipo popeza umadyedwa ndi minga yomwe, umalimbitsa mafupa ndi kuthandiza magazi. Chimene chimandidandaulitsa n'kuona usipa wonse wakwera galimoto kupita ku Mzuzu, ndalama yake n'kugulira botolo, mwana n'kudyera kondowole msuzi wokhawokha.

Za tiyi ndi khofi ife a Adventist tinaphunzitsidwa kale, ngakhale kuti tiyi amalimidwa m'boma lathu lomweli ku Kawalazi. Koma ana athu akumwa caffeine yemweyo kudzera mu zakumwa za kola ndi zija amati zopatsa mphamvu. Makolo ena amaona kuti zimawonjezera kugwedezeka, ndipo chodziwika bwino n'chakuti zimalanda tulo. Kutopa, mantha ndi kusagona ndi zimene zimakulitsa ma tics. Mnyamata amene wachezera pagombe kudikira mabwato a usipa, kapena m'nyumba ya kanema, mawa lake adzaphethira kwambiri. Kumukalipira ndi kumuyang'anitsitsa kumachitanso chimodzimodzi. Kambiranani ndi aphunzitsi ake, ndi a Sukulu ya Sabata omwe, kuti asamudzudzule pagulu ndiponso aletse anzake kumuyeseza.

Komabe si kugwedezeka kulikonse kumene kuli ma tics, ndipo apa ndi pamene botolo lingachedwetse thandizo lenileni. Mwana akayamba kugwedeza manja ndi miyendo mosalongosoka ngati akuvina, akamagwetsa kapu, zolemba zake zikaipa mwadzidzidzi, makamaka ngati anadwalapo zilonda zakukhosi kapena kutupa mfundo m'miyezi yapitayo, akhoza kukhala matenda otchedwa Sydenham's chorea. Amenewa amayendera limodzi ndi matenda owononga mtima, ndipo mwana amafunika penicillin kwa zaka zambiri kuti mtima utetezeke. Akamangoti duu osayankha mukamuitana, kapena kugwa n'kukomoka, akayezedwe khunyu. Wa ma tics sakomoka, amamva zonse zimene mukunena.

Yambirani kuchipatala cha Chintheche kapena cha boma ku Nkhata Bay, ndipo akaona kuti n'kofunika adzakutumizani ku Mzuzu Central. Ma tics amakonda kubisala mwana akakhala pamaso pa dokotala, choncho mujambuleni kakanema kakafupi pafoni, iye atavomera, mukaonetse. Pemphaninso kuti amuyeze magazi ndi mkodzo, chifukwa malungo ndi likodzo zimachepetsa magazi a ana ambiri osamba m'nyanja, ndipo mwana wochepa magazi amakhala wotopa nthawi zonse. Ngati pali botolo limene munagula kale, mupite nalo kuti akaone zimene zili m'katimo.