Mtsikana naye agwire pensulo

Ku Italy nthano zojambula si za ana okha. Kuyambira zaka za m'ma 1960, timabuku totchedwa fumetti takhala tikugulidwa ndi akuluakulu, ndipo mkazi ndiye wakhala nyambo yake. Mu 1965, Guido Crepax adatulutsa Valentina m'magazini ya Linus: mkazi wa ku Milan wojambula zithunzi ndi kamera, wodzipezera yekha ndalama, wamaganizo ake. Komabe nthawi zambiri adamujambula ali mbulanda. Pambuyo pake kudasefukira timabuku totchipa momwe mkazi ankangomangidwa, kuvulidwa ndi kukwapulidwa kuti amuna agule.

M'dziko lomwelo, akazi awiri apachibale, Angela ndi Luciana Giussani, adayambitsa nthano yojambula ya mwamuna wotchedwa Diabolik mu 1962. Chaka chotsatira adabweretsamo Eva Kant, mkazi wanzeru amene adapulumutsa mwamunayo atatsala pang'ono kudulidwa mutu. Kusiyana kwake kudachokera ku dzanja lolemba nthanoyo.

Kuno ku Bowe timabukuto sitifika, koma nkhani yake yafika kale. Yafika m'mafoni, pa WhatsApp ndi Facebook, m'tizithunzi toseketsa tomwe anyamata amapatsirana pa sitolo. Yang'anani mkazi wa m'tizithunzito. Ngati si mayi wolongolola atanyamula mthiko kudikira bambo oledzera, ndiye ndi mtsikana wam'bala amene maso ali pa chikwama cha mlimi wogulitsa fodya. Nanga mayi amene amasoka fodyayo mpaka usiku ali kuti? Msungichuma wa banki mkhonde amene amadziwa ngongole ya aliyense pamtima, mzamba wa kuchipatala, amfumu aakazi oweruza milandu ya minda, adawajambula ndani? Mmera mpoyamba: mnyamata amene wakula akuseka mkazi wa papepala sadzavutika kunyoza mkazi weniweni.

Ena akuti boma lingoletsa tizithunzito. Njira imeneyo tidayendamo. Mu 1968 kudabwera lamulo lounika mabuku, makanema ndi zisudzo, ndipo mu 1973 lina loletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, lomwe lidachotsedwa mu 1993. Malamulowo adaphimba mawondo, koma ulemu sadaudzale. Umboni wake tidauona mu Januwale 2012, pamene mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre adavula akazi pagulu chifukwa cha mavalidwe. Vuto silidali pa nsalu, lidali m'maso mwa oyang'ana.

Chimene chimachiza maso ndi chithunzi china chabwino. Amene adaphunzira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 akukumbukira Sara, mtsikana wa m'timabuku ta UNICEF, woyenda ndi kanyani kake Zingo, wolimbana ndi achibale ofuna kumusiyitsa sukulu. Atsikana ankadziona mwa iye chifukwa ankaganiza, kulankhula ndi kuchita.

Tsono pempho langa likupita kwa aphunzitsi a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Pa phunziro la Expressive Arts, musamangopatsa anyamata choko kuti ajambule pabolodi atsikana akusesa. Mtsikana amene amajambula m'mbali mwa kope lake mumulimbikitse, mumupatse pepala, ajambule amayi ake monga amawadziwira. Inunso akonzi a nyuzipepala ku Blantyre ndi ku Lilongwe, werengani mayina a ojambula makatuni anu, muone ngati muli dzina la mkazi. Ngati mulibe, mufunefuneni, mumulembe ntchito ndi kumulipira mofanana ndi anzake aamuna.