Inflation yatsika, nanga unga bwanji?

Nyuzi ikakamba kuti inflation yatsika, mu minibasi mumakhala kuseka. "Yatsika kuti? Saka ya unga ikali pamene paja." Timaseka nawo, koma apa pali cinthu cimene timasokoneza. Inflation ni liwilo limene mitengo ikukwela nalo. Ikacoka pa 24 pelesenti, monga mmene inalili pakati pa caka ca 2021, n'kufika pa 10, mitengo ikali kukwela, yangocepetsa cabe sipidi.

Cimene ambili a ife timalakalaka ni cakuti mitengo yonse igwe. Imeneyo ni deflation, ndipo inacitikapo.

Ku America, kuyambila mu 1929 mpaka 1933, mitengo inagwa pafupifupi ndi kota. Zimveka monga Khisimisi. Koma mu 1933, pa anthu anayi alionse ofuna nchito, mmodzi anali lova. Zinthu zikamachipa mwezi ndi mwezi, ogula amayembekezela mawa, fakitale imatsala ndi katundu, imacotsa anchito, ndipo ocotsedwawo sagula kanthu. Nkhongole yokha ndiye siitsika. Tiyelekeze kuti tatenga kaloba ya K1,000 kuti tiode tomato, ndiye tomatoyo n'kugwa mtengo ndi hafu. Wa kaloba adzafunabe yake yonse.

Vutolo linafika kuno kwathu. Mtengo wa kopa utagwa, migodi ya Bwana Mkubwa, Nchanga ndi Mufulira inaima, ndipo anchito akuda ku Copperbelt anacepa kucoka pa 30,000 mu 1930 kufika ca m'ma 7,000 mu 1932. Ambili anabwelela kumudzi ali cimanjamanja.

Sitikunena kuti kukwela kwa mitengo n'kwabwino, iyayi. Makolo athu akumbukila 1993, pamene inflation ya Zambia inapitilila 100 pelesenti, malipilo n'kumatha mphamvu mwezi usanathe. Anzathu a ku Zimbabwe anafika pogwila pepala la madola 100 trillion mu 2009. Kumeneko amene analila kwambili ni wosunga ndalama ndi wa penshoni. Mu 1932 anali wankhongole ndi wofuna nchito. Ise acinyamata a m'komboni tili mbali yaciwiliyi, cifukwa ambili tilibe zosunga.

Ndiye wandale akabwela n'kulonjeza kuti adzagwetsa mitengo ya zonse, tisathamangile kuomba m'manja. Timufunse kuti mlimi wa ku Chipata adzagulitsa zingati cimanga cake, ndiponso kuti malipilo a mlonda ndi wa mu saluni adzakwela liti kuti apeze mtengo wa saka ija.